Mutu wa sitima wa magudumu 16: kodi njanji yathu ndi yopapatiza moti singanyamule katundu wolemera?

[Chithunzi: sitima ya malasha ikuwoloka Shire pa mlatho wa njanji ku Liwonde]

Werengani magudumu. Mabogi asiyeni kaye, amenewo tiwapeza kutsogolo. Werengani a mutu wokhawo umene uli patsogolowu. Mbali ino alipo 8, mbali inayo 8, onse pamodzi 16. Mitu yambiri ya sitima zakatundu padziko pano imakhala ndi magudumu 12. Uwu anauwonjezera anayi, ndipo chifukwa chake chikugwetsa bodza limene landitopetsa kulimva m'minibasi, pa Facebook, ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira. Mukhale nane mpaka pa mfundo yachinayi, nkhani yagona pamenepo.

Moni nonse abale anga, kuno ndi ku Zomba. Inde, ndikudziwa, wina walemba kale m'munsimo kuti m'tauni ya Zomba mulibe njanji. Zoona, mulibe. Koma mukakwera minibasi pa depoti, kudutsa Chinamwali, Domasi, Malosa, makilomita pafupifupi 50 okha mwafika pa Liwonde, ndipo njanji imene ikudutsa pamenepo ndi imene imanyamula katundu wolemera kuposa ina iliyonse m'dziko muno. Ngati ndi koyamba kutipeza, dinani batani lofiiralo ndi kabelu kali pambalipo. Sikulipira ayi. Tiyeni.

Choyamba, chinthuchi ndi chiyani?

Mwachangu. Mutu umenewu ndi wa kampani ya General Electric, mtundu wa Dash 9. Injini yake ndi ya dizilo, masilinda 16, mphamvu pafupifupi mahosipawa 4,000. Inabwera kuno ndi ntchito ya malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano kulowa m'Malawi cha ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, kenako n'kukonzanso yakale ija ya 1970 yochoka pa Nkaya, kudzera pa Liwonde, kukatulukira pa Nayuchi. Kuchoka ku mgodi kukafika padoko la Nacala-a-Velha ndi makilomita 912. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan. Basi, mbiri ithere pomwepo, ina ija tinaikamba kale mu vidiyo ya Nayuchi, linki ili m'munsimo.

Chachiwiri, imayenda bwanji?

Mulibe magiya osintha ngati a galimoto, mulibe kalachi. Injini ya dizilo ija sigwira magudumu ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi kuzunguza jenereta yaikulu, jenereta ipange magetsi, magetsi adutse m'mawaya kupita ku mamota amene ali pansi, mota imodzi pa ekiselo iliyonse, chitsulo chija chimene chimalumikiza gudumu la mbali ino ndi la mbali inayo. Mamotawo ndiwo amazunguza magudumu. Ndiye mukamva injini ikulira mokweza koma sitima ikungosuntha pang'onopang'ono, sikuti yalephera. Ikupanga magetsi ambiri oti idzutsire katundu amene waima. Gwirani mfundo ya mota pa ekiselo iliyonseyi, tiifunanso posachedwa.

Chachitatu, okonda sitima akuti chiyani?

Apa pali magulu awiri, ndipo sagwirizana. Tilipo anthu, ochepa ndithu koma tilipo, amene timatha kuima padzuwa la ku Liwonde kudikira sitima kuti tingoiona ndi kuijambula.

Gulu loyamba ndi la madala. Ambiri mwa iwo anakulira m'mbali mwa njanji, ena anagwirapo ntchito ku Limbe nthawi ya Malawi Railways. Mtima wawo uli pa mitu ija inachokera ku Montreal m'dziko la Canada m'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, mtundu wa MX615. Nthawi yomweyo n'kuti dziko la Canada likuthandiza kumanga njanji ya Salima kupita ku Lilongwe, imene inatha mu 1979, kenako n'kufika ku Mchinji mu 1980. Bambo wina wachikulire amene timacheza naye ku Matawale amati mitu imeneyo ankaizindikira ndi khutu ali m'nyumba. Dalaivala akangoponda moto, imayamba yatulutsa utsi wakuda bii, kenako phokoso lija logunda pachifuwa. Utsiwo unali ndi chifukwa chake: mafuta amafika msanga m'masilinda pamene tebo, chipangizo chopopera mpweya mu injini, isanathamange mokwanira kukankha mpweyawo, ndiye kwa kanthawi dizilo amapsa mosakwanira. Kwa makaniko limenelo ndi vuto, koma kwa bambowa ndiye kukoma kwake. Za Dash 9 amati, "Mwana wanga, zimenezi zonse n'zofanana nkhope. Waona imodzi, waona zonse. Komanso ikawonongeka sungaigwire ndi sipanala, mpaka abwere wa kompyuta."

Sindingawatsutse kwenikweni pa za kompyutazo. Dash 9 imayendetsedwa ndi kompyuta imene imayang'anira mafuta, kutentha kwa mamota ndi kuterereka kwa magudumu. Ubwino wake ndi woti simwa mafuta mwachisawawa. Kuipa kwake, luso la amisiri akale aja silikwananso palokha.

Gulu lachiwiri ndi la achinyamata a mafoni ndi makamera. Iwo chimene chimawasangalatsa ndi kukula. Mitu inayi, mabogi 120, sitima yotalika kuposa kilomita, nthaka n'kumanjenjemera iwe utaima patali. Ndipo pali dandaulo limodzi limene magulu onse awiri amagwirizana: akuti mphamvu zonsezi zikungodutsa, malasha ndi a eni, ife tikungoonerera, pamene feteleza ndi mafuta athu ambiri akubwerabe pa malole. Limenelo ndi dandaulo lomveka, ndipo lifuna vidiyo yakeyake. Lembani m'munsimo ngati mukuifuna.

Ine ndili mbali iti? Khutu langa lili ndi madala. Koma ndikayang'ana pansi pa Dash 9, pa magudumu paja, ndimavula chipewa.

Tisanapitirire, matisheti athu aja okhala ndi mapu a njanji za m'Malawi abweranso, akuda ndi oyera. Uthenga mutumize pa tsamba lathu. Ndalama yake ndi imene imatilipirira thiransipoti yopita kukajambula. Zikomo kwa nonse amene munagula ulendo watha.

Chachinayi. Bodza lija.

Limamveka chonchi: "Njanji ya ku Malawi ndi yopapatiza, ndi ya atsamunda, singanyamule katundu weniweni. N'chifukwa chake amamangirira mitu inayi pa sitima imodzi. Tikufuna njanji yotakata ngati ya ku Tanzania, apo ayi palibe chimene tikuchita."

Abale anga, mawu amenewa amandipweteka, chifukwa amanenedwa molimba mtima ndi anthu amene sanaimepo n'komwe pambali pa njanji.

Tiyambe ndi manambala. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu ndi mamilimita 1,067. Njanji yotakata imene akuinena, ngati ya Dar es Salaam kupita ku Dodoma imene inatsegulidwa mu 2024, kapena ya Mombasa kupita ku Nairobi ya 2017, ndi mamilimita 1,435. Kusiyana kwake ndi mamilimita 368. Tengani rula ya mwana wasukulu ija ya masentimita 30, onjezerani pang'ono, kusiyana konse ndi kumeneko.

Tsono pitani ku South Africa. Kuli njanji yochoka ku mgodi wa Sishen kukafika padoko la Saldanha, makilomita 861, inayamba ntchito mu 1976. Mpata wake ndi 1,067, ndendende ngati wa pa Liwonde. Sitima za miyala ya chitsulo pa njanji imeneyo zimakoka mabogi 342, kulemera konse kupitirira matani 40,000. Mu 2019 anayendetsapo ya mabogi 375, kutalika pafupifupi makilomita anayi. Ndibwereze: mpata wake ndi wofanana ndi wathu. Ku Queensland m'dziko la Australia, malasha ochuluka zedi amapita kudoko pa mpata womwewu wa 1,067.

Simunakhutirebe? Tiyeni ku Brazil, kwawo kwa kapangidwe ka mutu tikukambawu. Kuli njanji yotchedwa Vitória a Minas, ya kampani ya Vale yomwe ija, yotalika pafupifupi makilomita 900. Mpata wake ndi mita imodzi yokha, mamilimita 1,000. Yopapatiza kuposa yathu! Koma zaka zina yanyamulapo katundu woposa matani 100 miliyoni pa chaka. Njanji ya Nacala anaikonzera matani 18 miliyoni a malasha pa chaka. Ndiye wina aziti vuto ndi mpata?

Imani kaye pamenepa. Ngati muli ndi mlamu kapena mnzanu wa kuntchito amene amakonda kunena bodza limeneli, mutumizireni vidiyoyi pa WhatsApp pompano. Ndikudikirani.

Chabwino. Tsono magudumu 16 aja akubwera apa.

[Chithunzi: pansi pa mutu wa sitima, kamera ili pafupi ndi magudumu]

Taonani apa. Mota ija ndinakuuzani imakhala pakati pa magudumu awiri, yokoleka pa ekiselo, ndipo imalumikizana nayo ndi mano achitsulo. Malo amene mota ingakhale ndi okhawo a pakati pa gudumu ili ndi ilo. Njanji ikapapatiza, malowo amachepa, ndiye motanso iyenera kukhala yaing'ono. Mota yaing'ono ukaipatsa magetsi ochuluka imatentha, mawaya ake n'kupsa. Limeneli ndiye vuto lenileni la njanji yopapatiza, ndipo sindikulibisa.

Ku America, Dash 9 ya pa njanji yotakata ili ndi maekiselo 6, mamota 6, mphamvu mahosipawa 4,400. Gawani: mota iliyonse ikulandira mahosipawa opitirira 700. Mota yaing'ono ya njanji yopapatiza singapirire zimenezo tsiku lonse pa chitunda. Mainjiniya anachita chiyani kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene a ku Brazil anafuna mphamvu zoterezi pa njanji ya mita imodzi? Sanachepetse injini n'kuika kakang'ono. Anatalikitsa chimango, n'kuika maekiselo 8, awiriawiri m'magulu anayi, magulu awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Mahosipawa 4,000 kugawa kwa mamota 8, iliyonse 500. Ntchito yatheka. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo amene munanyamulako denga la nkhokwe mukudziwa: mukakhala anthu asanu ndi atatu m'malo mwa asanu ndi mmodzi, denga ndi lomwelo koma khosi la aliyense limapepukidwa.

Ndipo phindu lake si la mamota okha. Kulemera nakonso kumagawika. Tingoyerekeza kuti mutu ukulemera matani 160. Pa maekiselo 6, iliyonse ikupondereza njanji ndi matani pafupifupi 27. Pa maekiselo 8, ndi matani 20 okha. Kwa mlatho ngati wa pa Shire, kapena kwa nthaka yofewa ya kumadambo a pakati pa nyanja ya Chilwa ndi Chiuta kumene njanji imadutsa popita ku Nayuchi, kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Komanso chifukwa magudumu ali awiriawiri m'timagulu tating'ono totha kutembenuka, mutu wautali chonchi umakhota bwino pa makona osadya njanji.

Wina afunsa kuti, bwanji osangopanga mutu wopepuka? Funso labwino. Yankho lake ndi lakuti sitima imakoka ndi kulemera kwake. Gudumu ndi chitsulo, njanji ndi chitsulo, zonse zosalala. Chimene chimaletsa gudumu kungozungulira pamalo amodzi ndi kulemera kumene kukulikanikiza pansi. Mutu wopepuka, ngakhale utakhala ndi injini yamphamvu bwanji, umangoterereka. N'chifukwa chake pafupi ndi magudumu mukuona timapaipi tating'ono toloza pa njanji. Timeneto timathira mchenga wouma. Kukagwa mvula, kapena m'mawa kukakhala mame, gudumu likangoyamba kuterereka, mchenga umapopedwa pansi pake kuti ligwire. Makina a ndalama zankhaninkhani, koma amayenda ndi bokosi la mchenga. Ine zimenezi zimandisangalatsa kwabasi.

Nanga mitu inayi ija? Si umboni wa kufooka. Kuchuluka kwa mitu kumatengera zinthu ziwiri: kulemera kwa katundu ndi chitunda chovuta kwambiri pa ulendo wonse. Njanjiyi imatsikira m'chigwa cha Shire, ndipo chilichonse chotsikira m'chigwa chiyenera kukweranso. Sitima ikhoza kuyenda makilomita ambiri pamalo athyathyathya mitu ina ikungopuma, koma pa chitunda chimodzi chokhacho yonse inayi imafunika. Ku America komwe, pa njanji yotakata, sitima zamalasha zimayenda ndi mitu itatu, inayi, nthawi zina kuposa. Dalaivala amakhala m'mutu wakutsogolo, inayo imamvera zimene iye walamula.

Ndiye chimene chimapatsa njanji mphamvu n'chiyani ngati si mpata? Ndi kunenepa kwa chitsulo cha njanjiyo. Ndi mapilo a konkire m'malo mwa akale otha. Ndi miyala ya kwale yokwanira pansi pake. Ndi ngalande zoti madzi a mvula asakokolole nthaka. Ndi milatho. Ndi kutalika kwa malo opatukirana, chifukwa njanji yathu ndi ya mzere umodzi, ndipo sitima ya mabogi 120 singapatukire inzake pa siteshoni imene inamangidwira mabogi 30. Njanji ya kumwera ija, ya Limbe kupita ku Nsanje, siinaime chifukwa cha mpata. Inaduka mu 1997 madzi atakokolola pa Chiromo. Ikanakhala yotakata ikanakokolokabe.

Chilungamo n'chakuti njanji yotakata ili ndi pake pamene imapambana: liwiro. Ngati mukufuna sitima ya anthu yothamanga kwambiri, mpata waukulu umathandiza kuti isagwedezeke. A ku Tanzania asangalale nayo yawo, ndi yokongola, ndipo ndi yamagetsi. Koma malasha, feteleza, simenti, shuga, fodya, sizifuna kuthamanga. Zimafuna kufika zambiri nthawi imodzi pa mtengo wotsika. Ndipo taganizani izi: Mozambique ndi 1,067. Zambia ndi 1,067. Zimbabwe, South Africa, ngakhale TAZARA, njanji yolumikiza Zambia ndi Tanzania, zonse 1,067. Ife tilibe doko la panyanja yamchere. Titati lero tisinthe mpata tokha, bogi yochoka ku Kanengo ikafika pa Nayuchi iyenera kutsitsa katundu yense n'kumupakiranso m'bogi ina. Tikhala tadzitsekera tokha njira ya ku Nacala ndi ya ku Beira, titawononganso ndalama zosaneneka.

Ndipatseni kamphindi ndiwerengere chinthu china. Lole yaikulu imanyamula matani pafupifupi 30. Matani 18 miliyoni aja mutawaika pa malole, ndi maulendo 600,000 pa chaka, kutanthauza malole opitirira 1,600 tsiku lililonse. Inu amene mumayenda pa msewu wa Liwonde, muganize kuti phula likanatsala. Njanji imene ena akuinyoza kuti ndi yachikale anaikonzera katundu wochuluka chonchi.

Ndalankhula kwambiri pamenepa, koma ndinafuna kuti lithe. Ngati mwaphunzirapo kanthu, chala chija chikwere m'mwamba, chimathandiza kuti YouTube ionetse vidiyoyi kwa ena.

Chachisanu, mabuleki, mwachidule chifukwa nthawi yatha.

Potsetsereka, mamota aja amasanduka majenereta. Magudumu ndiwo amawazunguza, magetsi amene apangika amakawotchedwa m'zitsulo zokhala pamwamba pa mutu, mafani n'kumauluza kutenthako. Kulira kwina kosiyana kumene mumamva sitima ikamatsika ndi kumeneko. Izi zimagwira sitima kuti isathamange, mabuleki a mpweya a m'mabogi osatha msanga. Koma kuimiratu ndi nkhani ina. Sitima yodzaza ikamathamanga imatha kupitirira mtunda wa mamita mazanamazana dalaivala atamanga kale mabuleki onse. Achimwene a kabaza, a njinga zamoto, madalaivala a minibasi: hutala ikalira pa mphambano ya njanji, imani. Dalaivala wa sitima akukuonani, koma alibe chiwongolero choti akupatukireni. Nanunso anzanga ojambula, musaime pa njanji kapena pa mlatho kufuna chithunzi chabwino. Imani patali, foni yanu ili ndi zumu.

Chachisanu n'chimodzi, chakutsogolo. Ku Brazil kunatuluka kale mtundu wina wotsatira, ES43BBi, maekiselo 8 omwewo koma injini ya masilinda 12 yosamwa mafuta kwambiri ndi mamota amakono. Gawo la General Electric lopanga sitima linalowa m'manja mwa kampani ya Wabtec mu 2019, ndiye mukaona dzina limenelo pa mitu yatsopano musadabwe.

Tsono ndikufuna kumva kwa inu. Muli ndi madala a MX615, kapena muli ndi Dash 9? Makamaka inu amene makolo anu anagwira ntchito ku Limbe, ku Balaka, ku Salima kapena ku Nkaya, afunseni kuti mutu umene ankaukonda unali uti ndipo chifukwa chiyani, mudzatilembere m'munsimo. Amene muli ndi zithunzi zakale za njanji m'maalubamu a kunyumba, zijambuleni ndi foni mutitumizire, tidzazionetsa ndi chilolezo chanu. Sabata yamawa tikwera sitima ya anthu kuchoka pa Liwonde mpaka pa Nayuchi, ndipo tidzakuonetsani mmene imapatukirana ndi ya malasha pa njanji ya mzere umodzi. Kabelu kaja mukadine kuti isakupiteni.